Nthenda Yothawa Sing'anga

Mwa ntchito zonse zimene zidabadwa pamodzi ndi kompyuta, palibe ina yoyesa mtima wa munthu koposa ya mmisiri amene amaitanidwa pamene mafayilo a pa seva akukana kutseguka lero, chikhalirecho dzulo adatseguka bwinobwino, ndipo mawa adzatsegukanso popanda wina wokhudzapo dzanja. Chinthu chikafa n'kuferatu mlandu wake ngwapafupi, pakuti aliyense atha kubwera n'kudzionera yekha; koma chikamafa m'mawa n'kuuka masana, chikamakanira mlembi wa ku malipiro n'kulola mnzake wa khomo loyandikana nalo, chikamachira nthawi yomweyo imene mmisiri wakoka mpando kuti achione ndi maso ake, monga ichitira nthenda imene imaleka wodwala akangofika pakhomo pa sing'anga, pamenepo pamafunika luso lina, limene lidaumbidwa pang'onopang'ono pa zaka zoposa 40 ndi anthu amene ambiri mwa iwo maina awo sadalembedwe paliponse. Ndipo wofuna kuimvetsa ntchito imeneyi ayambe wadziwa ichi, chakuti vuto lobwera n'kumapita silidalowe m'makina mwangozi ayi. Lidalowera pa khomo la chifundo, pakuti omanga netiweki adaphunzitsa makina awo kupirira, kuyesanso mwakachetechete ndi kubisira munthu kupunthwa kwawo, kotero kuti chimene munthu amachiona pa sikirini ndi kachigawo kochepa chabe ka zolephera zimene makinawo atopa nazo kubisa.

Pachiyambi pa nkhaniyi pali nthambo imodzi. M'chaka cha 1973, ku Palo Alto m'dziko la America, pa malo ofufuzira nzeru a kampani ya Xerox, Robert Metcalfe adalemba kalata yolongosola njira yolumikizira makompyuta ambiri pa nthambo imodzi yokha, ndipo iye pamodzi ndi mnzake David Boggs adaimanga njirayo, imene dzina lake ndi Ethernet. Lamulo lake, monga lidakhazikitsidwira pambuyo pake, lidali losavuta kulinena: kompyuta yofuna kutumiza uthenga iyambe yamvetsera ngati pali ina imene ikulankhula; ikapeza kuti kuli zii, ilankhule; ndipo zikachitika kuti awiri ayambira pamodzi mauthenga awo n'kuwombana, onse aleke, kompyuta iliyonse idikire kanthawi kosankhidwa mwa maere, kenaka iyesenso, kufikira maulendo 16 isanataye mtima. Taonani tsono chimene lamuloli lidabala. Kuwombana kwa mauthenga sikudali tchimo, kudali mwambo wololedwa ndi woyembekezeka; netiweki yathanzi ndi yodwala zonse zinkawombanitsa mauthenga, zinkangosiyana pa kuchuluka kwake, ndipo panalibe belu lolira pa malire a ziwirizi. Ofesi inkatsimphina m'mawa, pamene onse afika n'kutsegula ntchito zawo nthawi imodzi, ndipo mmisiri akatulukira masana, anthu atapita kukadya, ankapeza zonse zikuyenda myaa.

Amisiri a mbadwo woyamba adali anthu a manja ndi maondo. Nthambo yoyamba kugulitsidwa idali yonenepa, kawirikawiri yachikasu, yotha kufika mamita 500, ndipo polumikiza kompyuta ankaiboola ndi kachitsulo kosongoka kofika pa waya wa pakati penipeni. Koma imene idafala m'maofesi m'zaka za m'ma 1980 ndi inzake yowonda, ya mamita 185, yonyamula makompyuta osapitirira 30, imene inkayenda m'mphepete mwa khoma kuchoka pa desiki ina kunka pa ina, n'kumakhudza kompyuta iliyonse ndi kachitsulo kooneka ngati chilembo T. Ku nsonga zonse ziwiri kunkakhala kachitsekerero ka ma ohm 50, komeza mphamvu ya uthenga kuti isabwerere m'mbuyo n'kusokoneza mauthenga otsatira. Popeza nthamboyo idali imodzi, kachitsulo kamodzi kakakhwefuka pansi pa desiki ya munthu mmodzi ofesi yonse inkagwa. Ndipo popeza kukhwefuka si kuduka, kankagwira mwini desikiyo akakhala phee, n'kutaya akatambasula mwendo. Mmisiri wodziwa ntchito ankayenda ndi mita m'dzanja ndi kachitsekerero kapadera m'thumba. Akapima nthambo n'kupeza ma ohm 25 ankadziwa kuti nsonga zonse ziwiri zikumveka. Akapeza 50 ankadziwa kuti penapake njira yaduka. Ndipo pamenepo ankagwada pakati pa mzere, namasula nthambo, natsekera theka limodzi, naona ngati thekalo lachira, nagawanso pakati theka lodwalalo, kufikira atatsala ndi madesiki awiri ndi munthu mmodzi wamanyazi amene adasuntha kabati dzulo lake. Njira yogawa pakatiyi ndiyo cholowa chachikulu cha mbadwo umenewo, ndipo ikugwirabe ntchito ngakhale nthambo zakezo zidatayidwa kalekale.

Koma mlembi sankasamala za nthambo. Iye ankafuna mafayilo. M'chaka cha 1983 kampani ya Novell ya ku Utah idatulutsa NetWare, ndipo chaka chomwecho Barry Feigenbaum wa ku IBM adakonza chilankhulo cha makina chotchedwa SMB, chimene kampani ya Microsoft idachitenga nichikulitsa kufikira chidakhala chilankhulo chogawanira mafayilo cha Windows. Chaka chotsatira, cha 1984, kampani ya Sun Microsystems idabweretsa NFS kwa eni makina a Unix. Onsewa, ngakhale ankalimbirana msika, adagwirizana pa chinthu chimodzi, ndicho kunamiza pulogalamu mokoma mtima, kuti diski imene ili m'chipinda china, kuseri kwa nthambo ndi tizitsulo tonse tija, ioneke ngati ili m'mimba mwa kompyuta yomweyo. Wogwiritsa ntchito NetWare ankangoona kuti chilembo F chaonjezeka pa A ndi C, nasunga kalata yake pamenepo osadziwa kuti yayenda ulendo. Bodzali lidali lokoma, ndipo maofesi adapindula nalo kwakukulu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapulogalamu adalembedwa ndi anthu okhulupirira kuti diski ikafunsidwa imayankha, ndipo ikapanda kuyankha ndiye kuti yafa. Sadaganizire za diski yoyankha mochedwa, kapena yochita zimene yauzidwa koma yankho lake n'kutayika panjira. Chifukwa chake uthenga wotuluka pa sikirini unkaloza kolakwika, kunena kuti fayilo yaonongeka pamene ili bwino, kapena kuti dzina la seva silikupezekanso pamene sevayo ili chiyakire m'chipinda chake, ikutumikira ena onse. Katswiri wina, Leslie Lamport, adalembera anzake a pantchito m'chaka cha 1987 mawu oseka koma oona, otanthauza kuti pa makina olumikizana, kompyuta imene sunadziwe n'komwe kuti ilipo ikhoza kufa n'kuimitsa yako.

A ku Sun adasankha kuti seva yawo ikhale yosasunga kanthu m'mutu: pempho lililonse lizifika lokwanira palokha, kuti seva ikagwa n'kudzukanso isafunike kukumbukira amene inkalankhula naye. Mtolo wonse wa kupirira adausenzetsa kompyuta yopempha, imene ikapanda kuyankhidwa inkabwereza pempho kosalekeza, n'kungolemba kuti seva siikuyankha koma kuyesa kukupitirira, munthu ali manja lende. Woyang'anira makina ankaloledwa kusankha njira ina, yakuti kompyuta itope msanga n'kuvomera kuti zakanika. Koma akatero ankaika pachiswe zolemba za anthu, pakuti mapulogalamu ambiri sankafunsa n'komwe ngati zimene alemba zafikadi.

Mmodzi wa amene adaiyesa nthendayi ndi manambala ndi Jim Gray, amene pokhala pa kampani ya Tandem Computers adafalitsa m'chaka cha 1985 kafukufuku wa zifukwa zimene makompyuta amaimira. Pa zolakwa 132 za pulogalamu zimene adazipeza m'kaundula wa gawo lina la makinawo, chimodzi chokha ndicho chidabwereranso ntchito itayesedwa kachiwiri. Zina zonse 131 zidazimiririka. Kwa omanga makina uwu udali uthenga wabwino, wakuti kuyesanso ndi mankhwala otsika mtengo ochiza pafupifupi zonse. Koma walira mvula walira matope. M'mwezi wa Okutobala 1986, njira yolumikiza Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya ku Berkeley, malo otalikirana mayadi 400 okha, idatsika liwiro kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40, popanda waya woduka kapena makina akufa. Van Jacobson atafufuza adapeza kuti makompyuta, pakuona kuti mauthenga awo akuchedwa, ankatumizanso omwewo, ndipo kubwerezako n'kumene kunkadzaza njira ndi kuchedwetsa mauthenga koposa kale. Mankhwala aja ndiwo adasanduka nthenda, ndipo kudatengera malamulo atsopano, amene Jacobson adawalongosola mu 1988, kuti makina aphunzire kuyamba pang'onopang'ono ndi kubwerera m'mbuyo njira ikadzaza.

M'zaka zimenezi ndi m'mene ntchitoyi idachoka m'manja n'kupita m'makutu. Mike Muuss adalemba ping mu Disembala 1983, kachipangizo kofunsa kompyuta yakutali ngati ili moyo ndi kuwerenga nthawi imene yankho latenga. Kampani ya Network General idayamba kugulitsa Sniffer mu 1986, makina omvetsera timapaketi tonse ta mauthenga todutsa pa nthambo. Ndipo mu 1988 Jacobson yemwe uja, pamodzi ndi Craig Leres ndi Steven McCanne, adalemba tcpdump, yochita zomwezo popanda malipiro. Mphamvu ya kumvetsera idaonekera poyera chakumapeto kwa 1991, pamene Andrew Tridgell, wophunzira pa Australian National University ku Canberra, pofuna kuti kompyuta yake iwerenge mafayilo a pa makina a Sun, adatchera khutu ku zokambirana za pulogalamu ya Pathworks ya kampani ya DEC, nazindikira tanthauzo lake popanda buku lomuphunzitsa, nalemba seva yake imene idadzakhala Samba. Gerald Combs adatulutsa pulogalamu ina yomvetsera, Ethereal, mu 1998, imene idasintha dzina kukhala Wireshark mu 2006, ndipo kuyambira pamenepo mmisiri wa ofesi yosauka adakhala ndi khutu lofanana ndi la mmisiri wa kampani yolemera. Komatu khutu lokha silikwanira pa vuto losadziwika tsiku lake. Mwambo umene udakhazikika ndi wakuti mmisiri atchere chomvetsera mbali zonse ziwiri, pa seva ndi pa kompyuta yodandaula, achisiye chikujambula usana ndi usiku, napemphe mwini kompyuta chinthu chimodzi chokha, kuti zikangokana alembe ola ndi mphindi pa kapepala. Pakuti mboni imodzi imangonena kuti ndidatumiza, inzake imati sindidalandire, ndipo choonadi chimapezeka poika maumboni awiriwo pamodzi pa mphindi yomweyo. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zaka za m'ma 1990 zidachotsa nthambo ya onse ija n'kupatsa kompyuta iliyonse nthambo yakeyake yopita ku bokosi la pakati, ndipo mavuto adasamuka, sadathe. Makompyuta a Windows ankasankhana okhaokha mmodzi wosunga mndandanda wa maina a anzake, aliyense n'kumadzilengeza kwa iye pa mphindi 12 zilizonse. Wosankhidwayo akakhala kompyuta ya munthu woweruka msanga, mwini wake pozimitsa ankapita nawo mndandanda, chisankho china n'kuyambika, ndipo kwa kanthawi seva inkasowa pa mndandanda ngakhale wolemba dzina lake ndi dzanja ankaipeza. Itafika Ethernet ya liwiro la mabiti 100 miliyoni pa sekondi mu 1995, padabuka vuto lina, lakuti mbali ina ya nthambo inkakhulupirira kuti iloledwa kulankhula ndi kumva nthawi imodzi pamene inzake inkadikira mpata monga kale. Mafayilo aang'ono ankadutsa, aakulu ankakwawa kapena kufera panjira, ndipo ping inkachitira umboni wonama kuti zonse zili bwino. Palinso msampha umene udagwira maofesi aang'ono ambiri, a kwathu kuno monga a kwina kulikonse, kumene kompyuta wamba ya pa desiki imapatsidwa udindo wa seva pofuna kupulumutsa ndalama. Windows XP Professional inkalola makompyuta 10 okha kulumikizika nthawi imodzi, Windows 7 inkalola 20, ndipo wokhala chete mphindi 15 ankadulidwa mwakachetechete. Motero munthu wa nambala 11 ankakanizidwa, nanyamuka kukaitana a IT, ndipo pobwera nawo ankapeza mpata watseguka chifukwa mnzake wina wapita kukamwa tiyi; iye n'kutsala wooneka ngati wabodza pamaso pa anzake.

Koma vuto limene ine ndimaliyesa mphunzitsi wamkulu wa ntchitoyi ndi la loko wobwereka wa SMB, wotchedwa oplock. Nzeru yake njabwino ndithu. Kompyuta ikatsegula fayilo imene palibe wina akuigwiritsa ntchito, seva imaiuza kuti isavutike kutumiza kusintha kulikonse pa nthambo, isunge kaye kwawo, ndipo wina akadzaifuna fayiloyo idzauzidwa. Potero ntchito imafulumira kwambiri. Tsono wachiwiri akabwera, seva imamuimika pakhomo, nitumiza mawu kwa woyamba uja kuti abweze loko pamodzi ndi zonse zimene wasunga. Woyambayo akayankha msanga, palibe amene amadziwa kuti pachitika kanthu. Koma akakhala kuti laputopu yake yagona, kapena mwini wake waipinda n'kupita nayo ku msonkhano, kapena pulogalamu yotchinga adani yameza mawu a seva, seva imadikira masekondi ngati 35 isanamutaye. Ndipo pa nthawi yonseyo wachiwiri uja amangoona kompyuta yake itauma, kenaka fayilo n'kutseguka ngati palibe chachitika. Pa zojambula za Wireshark nkhani yonseyi imaoneka pa mizere itatu: pempho la wachiwiri, mawu a seva opita kwa kompyuta ina imene palibe adaitchula m'dandaulo, ndi mpata wopanda kanthu wa masekondi 35 pa danga la nthawi. Wodandaula si ndiye wodwala. Amisiri ambiri adasintha nthambo yake, namugulira kompyuta yatsopano, vuto lili pomwepo, chifukwa adaiwala kuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ndipo choopsa chidali pa woyamba uja, pakuti zimene adasunga kwawo osatumiza zinkatha kutayika, kotero kuti mabuku a ndalama osungidwa m'fayilo imodzi yotsegulidwa ndi anthu ambiri ankapezeka ataonongeka popanda wolakwa wooneka. N'chifukwa chake opanga mapulogalamu otere ankalangiza kuti loko wobwerekayo azimitsidwe, ofesi ilolere kuchedwa kusiyana ndi kutaya mabuku.

Windows 2000 idabweretsa Kerberos, njira yotsimikizira anthu yochokera ku Massachusetts Institute of Technology, ndipo pamodzi nayo padalowa mdani amene palibe adamuganizira, ndiye wotchi. Kompyuta ikasiyana nthawi ndi seva kupitirira mphindi 5, chitupa chake chimakanidwa ngakhale pasiwedi ili yolondola. Kumene magetsi amathimathima, ndipo kabatire kosunga nthawi m'kati mwa kompyuta kadatha mphamvu, makina amadzuka ali m'chaka china, nakanidwa kufikira atakonza wotchi yawo. Ndipo chozunguza mutu n'chakuti wolemba nambala ya seva m'malo mwa dzina lake amatha kulowa, popeza potero makina amabwerera ku njira yakale yosafunsa za nthawi.

Pa zaka zonsezi amisiri ankamvetsera chilankhulo cha SMB, chimene malamulo ake onse adali m'manja mwa kampani imodzi. Bungwe la European Commission lidagamula mu Malichi 2004 kuti Microsoft ilipire mayuro 497 miliyoni ndi kuulula malamulo a zilankhulo za maseva ake. Khoti lidavomereza chigamulocho mu Seputembala 2007, ndipo mu Disembala chaka chomwecho a Samba adapeza zolembazo pa mtengo wa mayuro 10,000. Nthawi yomweyo SMB yachiwiri idali itatuluka ndi Windows Vista, itachepetsa malamulo ake kuchoka pa oposa 100 kufika pa 19, ndiponso itaphunzira kusungira kompyuta fayilo yake yotsegula kwa kanthawi ngati yaduka, kuti ya pa Wi-Fi ikasowa pang'ono ibwerere pamene idasiyira; SMB yachitatu, ya 2012, idafika polola seva ina kulowa m'malo mwa inzake yakugwa munthu osazindikira. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindinganene kuti tibwerere ku masiku a maondo. Koma ndi chifundo chomwe chija cha 1973, chimene chimachepetsa mauthenga oopsa pa sikirini n'kusandutsa vuto kukhala kuchedwa chabe, kumene wogwira ntchito sakudandaula kufikira kutakula.

Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yolanda mafayilo ya WannaCry idafalikira m'maiko ngati 150 kudzera pa chibowo cha mu SMB yoyamba, chimene Microsoft idali itatulutsa chigamba chake mu Malichi, ndipo zipatala zambiri za ku England zidabweza odwala. Kuyambira ndi Windows 10 yotuluka chakumapeto kwa chaka chimenecho, kampaniyo idayamba kuchotsa chilankhulo chakalecho, ndipo pa makompyuta a m'nyumba ndi a m'maofesi wamba idaika lamulo lakuti chikakhala masiku 15 osagwiritsidwa ntchito, osawerengera masiku amene kompyuta ili yozima, chidzichotse chokha. Tsono m'ofesi imene idali ndi kabokosi kakale kosungira mafayilo, kodziwa SMB yoyamba yokha, amene ankakatsegula tsiku ndi tsiku adapitiriza kulowa, pamene amene ankakafuna pa kutha kwa mwezi pokha adapeza khomo lotseka, aliyense pa tsiku lakelake, makompyuta ali a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi, pa bokosi la pakati limodzi. Mmisiri woitanidwa pamenepo sankapeza cholakwa pa nthambo kapena pa wotchi. Zojambula zake zinkangoonetsa kuti kompyuta ndi kabokosiko zalephera kugwirizana za chilankhulo pa moni woyamba, ndipo kunkatsala kwa iye kukauza bwana kuti asankhe pakati pa kubwezeretsa khomo limene WannaCry idalowera ndi kugula kabokosi katsopano ndi ndalama zimene sizidali mu bajeti ya chaka chimenecho.